Anyamata athu akutha: tikambirane za kudzipha ndi kuphana

Aphunzitsi a Banda: Mwadzuka bwanji nonse. Chithunzi chija chinabwera pano usiku, cha kalata imene mnyamata wina anasiya asanadziphe, ndachifufuta. Amene munatumiza sindikukudzudzulani, ndikudziwa kuti chinali chisoni. Koma pagulu lathu lino la WhatsApp pali ana athu a Fomu 4, komanso mnyamatayo ali ndi mayi ake, ndipo palibe amene wawapempha kuti kalata ya mwana wawo iziyenda m'mafoni a anthu. M'malo mwake tiyeni tikambirane nkhani yeniyeniyo. Mu 2020 apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti anthu 182 anadzipha m'dziko muno, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116. Pa anthu 100 alionse, 92 anali amuna. Pofika 2024, m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira yokha, anawerenga anthu 281: amuna 246, akazi 35. Choko ndachigwira kuyambira kale, koma zoyenda maliro a ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ndaziyamba posachedwapa. Chikuchitika n'chiyani?

Yamikani wa kabaza: Aphunzitsi, ndi ndalama basi. Musavutike kufufuza kutali.

Mayi a Chikondi: Iwe Yamikani mwana wanga, umphawi wayamba lero? Njala ya 2002 tinadya gaga ndi mizu ya nthochi, ana akukomoka m'manja. Koma zoti mnyamata wamphamvu zake adzichotsere moyo sitinkazimva chonchi. Ana a masiku ano mtima wachepa.

Yamikani wa kabaza: Amayi, ndikuyankheni mwaulemu. Mu 2002 njala inali ya mudzi wonse, palibe amene ankaseka mnzake. Ya lero umaimva wekha, ukatsegula foni n'kuona anzako amene munakhala nawo desiki imodzi akujambulitsa ali pa galimoto.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira kusiteji kwathu. Njinga si yako, ndi ya bwana, ndipo madzulo alionse amafuna yake yokwanira, kaya kunagwa mvula, kaya wathera tsiku pa mzere wa mafuta. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tayala, oyilo, tcheni, zonse zinakwera, koma kasitomala akufunabe kulipira mtengo wakale. Ikaperewera ya bwana umapita kwa wakatapila. Watenga K50,000, mwezi ukatha akufuna K75,000, ena mpaka K100,000. Ndiye usiku uli gone pamphasa, foni ili m'manja, umati ndibetche K2,000 yokha mwina ndibweze ngongole. Yapita. Uyikanso ina. Pofika 1 koloko ndalama ya bwana ya mawa yatha. Kukacha wakatapila waika nkhope yako pa Facebook, walemba kuti wakuba uyu, amene wamuona andiuze. Apongozi aona, akutchalitchi aona, chibwenzi chaona. Chimene chimapha anyamata ndi manyazi amenewo, amayi. Ndipo ukati uuze munthu, yankho ndi limodzi: limba, ndiwe mwamuna, mwamuna salira.

Mayi a Chikondi: Zoika nkhope pa Facebook zo ndiye nkhanza. Koma bwanji osabwera kwa makolo kudzanena?

Yamikani wa kabaza: Makolo ake omwewo akudikira kuti iyeyo atumize ya feteleza. Ayambira pati?

Anesi a Tadala: Ndilowepo. A Yamikani akunena zoona, koma ndikufuna tisamale ndi mawu akuti "ndi ndalama basi". Angongole ndi ambiri, odzipha ndi ochepa mwa iwo. Nthawi zambiri zimakhala zinthu zingapo zaunjikana: ngongole, mowa kapena chamba, banja kapena chibwenzi chatha, tulo tasowa kwa milungu, ndipo pansi pa zonsezo pali matenda a nkhawa amene palibe anawazindikira. Matenda amenewa ali ndi chithandizo ngati mmene alili a shuga kapena BP. Si ife tokha ayi. A WHO, bungwe loona za umoyo m'mayiko onse, amati padziko lonse anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo kwa a zaka 15 mpaka 29 imeneyi ndi imodzi mwa imfa zotsogola. Mu malipoti awo a 2019 chigawo cha Africa ndicho chinali pamwamba, anthu 11 pa 100,000 alionse, pomwe dziko lonse lapansi anali 9.

Chachiwiri, manambala a aphunzitsiwo ndi a anthu amene nkhani yawo inafika kupolisi. Ife kuwodi timaona ena amene sawerengedwa paliponse, amene anayesa koma anapulumuka, ndipo pamenepo atsikana ndi ambiri ndithu. Mtsikana wa Fomu 2 wapezeka ndi mimba, mnyamata wakana, bambo anena kuti usalowenso m'nyumba muno. Amabwera naye usiku pa njinga, azakhali atamukulunga chitenje, ndipo mawu oyamba amene amatiuza ndi akuti zachitika mwangozi. Ukamufunsa mwanayo, maso amayang'ana kwa azakhali kaye asanayankhe. Akapeza bwino abale amafulumira kupempha kuti atuluke anthu asanadziwe. Amabwerera kunyumba komwe kuja, vuto lili pomwe lija.

Aphunzitsi a Banda: Amabisiranji chonchi, anesi? Manyazi okha?

Thoko: Manyazi ndi mantha a apolisi, aphunzitsi. Ndime 229 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu, inalembedwa kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndipo anthu akhala akutengeredwa kukhoti chifukwa cha ndime imeneyi. Tinaitengera kwa atsamunda a ku Britain, amene kwawo anaichotsa kale mu 1961. Ghana inachotsa yawo mu 2023. Ku Kenya khoti lalikulu linagamula mu Januwale 2025 kuti ndime yotereyi ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhani za matenda a maganizo kuno tinaziyendetsa zaka zoposa 70 ndi lamulo la 1948. Munthu wangotsitsimuka pabedi lachipatala, choyamba kuona ikhale yunifolomu ya wapolisi? Ndani angabwerenso kudzapempha thandizo?

Abusa a Mwale: Achemwali a Thoko, ndakumvani, koma ine ndili ndi nkhawa ina. Moyo ndi wa Mulungu, si wathu. Tikachotsa lamulo, kodi sitikuuza ana kuti njira imeneyi ndi yololedwa? Mwina alipo amene amabwerera m'mbuyo poopa lamulolo.

Thoko: Abusa, munthu amene wafika poti imfa sakuiopa, selo angaiope? Amene lamuloli limawaopseza ndi azakhali aja anesi anena, amene amachedwa kupita naye kuchipatala poganiza kuti akafunsidwa mafunso. Ndipo ndime imeneyi yakhalapo nthawi yonseyi manambala akukwera.

Abusa a Mwale: Pa zoti wodwala asamangidwe ndikugwirizana nanu. Pa zoti ndisiye kulalikira kuti kudzichotsera moyo n'kulakwa, pamenepo ayi.

Anachisale: Ana inu, ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, maso anga safika pa tizilembo iti. Kwathu kale munthu akafa imfa yotere mtembo sunkalowa m'nyumba, nyimbo kunalibe, ndipo ankaikidwa mofulumira. Akuluakulu ankati n'cholinga choti tsokalo lisabwerere pamtundu. Koma ine ndaona amayi amene analira mwana wawo okha, anzawo a mvano atakhala patali. Mayi ameneyo analakwa chiyani? Mpaka lero akadutsa pamjigo anthu amatsitsa mawu. Abusa, nanga inu maliro otere mumapita?

Abusa a Mwale: Ndimapita, agogo. Mipingo imasiyana, ina siyiimba, ina imatumiza mkulu wa mpingo yekha. Ine ndimati wapitayo ali m'manja mwa Mulungu, amene amadziwa zimene ife sitinazione. Ulaliki ndi wa otsala. Ndipo pamaliro otere ndimayang'anitsitsa achimwene ake ndi anzake a malemuyo, amene aima kumbuyo osalankhula aja.

Anesi a Tadala: Pamenepo mwalasa, abusa. Amene wataya m'bale kapena mnzake wapamtima mwa njira imeneyi amakhala pachiopsezo iyenso. N'chifukwa chakenso zofalitsa makalata, zithunzi ndi kufotokoza mmene munthu wachitira n'zoopsa. Wina amene ali kale pamphepete akawerenga amadziona yekha m'nkhaniyo.

Gift ku Joni: Moni kumudzi. Ndawerenga zonse pobwera kuntchito. Ine ndikuti tisaiwale mbali inayo, ya anyamata amene akuphedwa ndi anzawo. Kuno ku South Africa apolisi anawerenga anthu oposa 27,000 ophedwa m'chaka cha 2022/23, ndiye kuti pafupifupi 75 tsiku lililonse, ambiri amuna achinyamata, ambiri kumapeto kwa sabata pamalo omwera mowa. Anyamata athu amatsika basi ku Johannesburg atathawa ngongole zomwe a Yamikani akunenazo, alibe mapepala, malipiro amalandira m'manja chifukwa akaunti kubanki sangatsegule. Achifwamba amadziwa kuti Mmalawi Lachisanu ali ndi ndalama m'thumba ndipo kupolisi sapita. Pa magulu athu a WhatsApp kuno mwezi sutha osasonkha za kutumiza thupi kumudzi. Ena mwa matupiwo ndi a anyamata amene anadzipha m'kachipinda ka malata, ntchito itatha, kumudzi akuimbabe foni kufunsa za malata a nyumba. Pobwera nalo timangoti anadwala pang'ono.

Yamikani wa kabaza: Achimwene, ngakhale konkuno. Wakabaza akatengedwa usiku ndi kasitomala wooneka bwinobwino, m'mawa timamva kuti wapezeka kuthengo, njinga palibe. Ndiye anyamata akagwira munthu amene akumuganizira, safunsanso, amathira petulo. Ndinaonapo ndi maso anga pafupi ndi msika. Anali mwana, ndevu zisanamere n'komwe, nsapato imodzi itavuka, akutchula dzina la mayi ake ndi mudzi wakwawo kuti wina amudziwe. Anthu anali atakweza mafoni m'mwamba kujambula. Amene ankamenya kwambiri anali a msinkhu wake womwewo.

Mayi a Chikondi: Mayo ine. Koma nawonso akuba atitopetsa, ukapita naye kupolisi mawa umakumana naye pamsewu.

Thoko: Belo ndi ufulu wa aliyense amene sanaweruzidwe, amayi, si kuti mlandu watha. Ndikumvetsa kutopako, koma gulu likakwiya silifufuza. Kumbukirani za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka Blantyre: anthu osachepera 8 anaphedwa pa mphekesera chabe, palibe ndi mmodzi yemwe anapezeka ndi magazi a munthu.

Ndiwonjezere china pa manambala aja. Mawu akuti "wadzipha" nthawi zina amatseka nkhani imene imafunika kufufuzidwa. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, anapezeka atafa pasukulupo pa 24 Seputembala 2011. Apolisi anati wadzipha, anaonetsa ndi makalata. Dokotala woyeza mitembo, a Charles Dzamalala, anapeza zosiyana, ndipo komishoni imene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa mu 2012, motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inapeza kuti anachita kuphedwa. Uyo anali wodziwika, nkhani yake inamveka dziko lonse. Nanga mtsikana wakumudzi amene mwamuna wake akuti ndamupeza atafa kale, n'kuikidwa tsiku lomwelo popanda kuyeza? Ndiye mbali ina tikubisa odzipha n'kumati anadwala, mbali ina mwina tikulemba ophedwa ngati odzipha.

Aphunzitsi a Banda: Apa ndiye mukundiuza kuti kukwera kwa manambala kuja sitingakukhulupirire?

Anesi a Tadala: Kukwerako kulipo, aphunzitsi, ife ogwira ntchito tikukuona. Mwina gawo lina ndi loti masiku ano nkhani zikufika kupolisi kuposa kale chifukwa cha mafoni. Koma nambala yeniyeni ndi yoposa imene imalengezedwa, osati yochepera.

Limbani mlangizi: Ndakhala chete chifukwa ndinali kumunda ndi alimi. Pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwathu lero lomwe, ndipo n'chokhudza ntchito yanga. Mankhwala ophera tizilombo. Pitani tsiku la msika mukaone: ali pamphasa pambali pa tomato ndi usipa, atathiridwa m'timapepala ndi m'timabotolo topanda chizindikiro, ndipo mwana wa Sitandade 6 akhoza kugula popanda womufunsa. Kunyumba timasunga pawindo kapena pansi pa bedi. Anthu ambiri amene amayesa kudzipha saganizira kwa miyezi, ndi mkwiyo kapena kuthedwa nzeru kwa ola limodzi, mwina atakangana ndi mkazi kapena bambo. Ola limenelo likadutsa popanda choopsa pafupi, ambiri amakhala ndi moyo mpaka kukalamba.

Ku Sri Lanka zinaoneka poyera. Cha m'ma 1995 dziko limenelo linali m'gulu la mayiko otsogola padziko lonse pa kudzipha, makamaka m'midzi ya alimi. Boma linaletsa mankhwala oopsa kwambiri pang'onopang'ono, ndipo chiwerengero chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Ofufuza amati pakati pa 1995 ndi 2015 miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka, zokolola osatsika. Mavuto a anthu sanathe, ngongole zinalipobe, koma chakupha msanga chinachoka pakhomo. Kuno tili ndi Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, malamulo alipo, chofunika n'chakuti afike m'misika ya kumidzi. Pakadali pano, bambo aliyense pagulu pano agule loko, atsekere mankhwala m'bokosi kunja kwa nyumba yogona, kiyi asunge munthu wamkulu. Otsala osagwiritsa ntchito musasunge chaka chonse.

Gift ku Joni: Koma alangizi, wofuna kufa sangapeze njira ina?

Limbani mlangizi: Ena amapeza, achimwene, sindikana. Koma ku Sri Lanka ambiri sanatero, n'chifukwa chake nambala yonse inatsika, osati ya mankhwala yokha.

Chisomo: Pepani akuluakulu, ndine wamng'ono pano koma ndifunse. Mnzanga wina masiku ano akumalemba pa WhatsApp zinthu ngati "posachedwa mupuma, sindikuvutitsaninso". Anzathu akumuyankha ndi tizithunzi toseka, akuti akufuna kutchuka. Mayeso sanakhoze bwino ndipo kwawo anamulipirira movutika. Sabata yatha anandipatsa jezi yake ya mpira imene amaikonda kwambiri, akuti sakuifunanso. Ndichite chiyani?

Anesi a Tadala: Chisomo, wachita bwino kwambiri kufunsa, ndipo usadikire mawa. Zimene watchulazo, mawu otsanzika ndi kugawa zinthu zimene amazikonda, ndi zizindikiro zenizeni. Pita ukamuone lero, maso ndi maso, osati pa foni. Khalani poti palibe anthu ndipo umufunse mosazungulira: kodi ukuganiza zodzipha? Akayamba kulankhula usamudule, usamuuze kuti ena akuvutika kuposa iye, usamulalikire. Akavomera, usamusiye yekha, ndipo usalonjeze kuti usunga chinsinsi. Muuze kuti ndimakukonda, n'chifukwa chake tikauze munthu wamkulu limodzi, asankhe yekha amene amamukhulupirira. Wamkuluyo achotse m'nyumba chilichonse choopsa. Kenako mupite naye kuchipatala cha boma mukafunse nesi kapena dokotala woona za maganizo, m'zipatala za m'maboma amakhalapo. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO. Ndilembere kumbali pompano undiuze dera limene muli, dzina lake usalitchule pagulu.

Mayi a Chikondi: Anesi, kumufunsa choncho si kumupatsa nzeru zoipa? Ine ndingaope.

Anesi a Tadala: Ayi amayi, zimenezi zinafufuzidwa kambirimbiri, kufunsa sikudzala maganizowo. Amene alibe amangoti ayi. Amene ali nawo nthawi zambiri amapuma, poti wapezeka munthu wosaopa kumva.

Chisomo: Ndakulemberani, anesi. Ndikunyamuka pompano.

Aphunzitsi a Banda: Chisomo, ukafuna munthu wamkulu wopita naye kwa makolo ake, ndiimbire, ndili pasukulu mpaka 4 koloko.

Yamikani wa kabaza: Vuto lina ndi limenelo la chipatala. Mnyamata ukamuuza za dokotala wa maganizo amati ukufuna kunditumiza ku Zomba, ine si wamisala.

Anesi a Tadala: Ku Zomba Mental Hospital kumapita ochepa amene adwalitsa. Kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe anthu amapita kukalandira uphungu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma ndivomereze mbali ya a Yamikani: akatswiri ndi ochepa kwambiri, ndipo wakumudzi sangakwanitse thiransipoti yopita kutauni sabata iliyonse.

Esnart ku Harare: Moni abale. Ine ndinabadwira kuno ku Mbare, agogo anachokera kwathuko kalekale. Vuto la kuchepa kwa madokotala lilinso kuno, ndipo Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 konkuno ku Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'dera kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pa benchi panja pa kiliniki. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Agogowo sapereka ndalama, salamula zochita. Amafunsa kuti pa mavuto onsewa tiyambe ndi liti, ndipo mwini wake ndiye amapeza poyambira. Akaona kuti munthuyo ali pangozi amamupititsa kwa nesi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogo ngati Anachisale ndi amene amagwira ntchito imeneyi.

Anachisale: Kumvetsera ndiye ndimatha, mwana wanga. Koma anyamata a njingawa angabwere kwa nkhalamba?

Yamikani wa kabaza: Kunena zoona agogo, sangabwere. Ngakhale abusa ataitanitsa msonkhano kutchalitchi, kubwera amayi okhaokha ndi atsikana a kwaya. Mnyamata sangasiye siteji ola lathunthu ya bwana isanakwane. Ngati mukufuna anyamata, bwerani komwe ali.

Abusa a Mwale: Ndiye tibwere kusiteji komweko. Anesi, mungapezeke?

Anesi a Tadala: Loweruka ndili pa ofu. Ndipempha mnzanga woona za maganizo kuti tibwere naye. A Thoko, mukadabweranso inu mukafotokoze za katapila, chifukwa ambiri sadziwa chimene wobwereketsa amaloledwa ndi chimene saloledwa kuchita.

Thoko: Ndibwera. Amene ali ndi mapepala a ngongole kapena mauthenga oopseza asafufute, abwere nawo ndidzaone.

Mayi a Chikondi: Ine za belo zija sindinakhutirebe, tidzakambirananso. Koma thobwa la Lowerukalo ndiphika ine.

Yamikani wa kabaza: Ndilankhula ndi tcheyamani wa siteji madzulo ano. Ikhale 2 koloko masana, makasitomala amakhala atachepa. Koma chonde, pasakhale kujambula, pasakhale kulemba mayina, ndipo abusa musabwere ndi sipika. Akangoona foni yakwezedwa m'mwamba, onse aliza njinga n'kubalalika.